Ziletso za boma ndi za eni malonda: zina zimateteza, zina zimangosamutsa vuto

Anaphiri, mwafunsa ngati boma limachita bwino poletsa zinthu monga kaunjika, malonda a m'misewu ndi mowa wa tumbwa (mowa waukali wosakanizidwa mobisa, wogulitsidwa m'timabotolo), komanso ngati eni masitolo ali ndi ufulu wodziikira malamulo awoawo, monga kukana ndalama zina kapena kukuuzani kuti musiye chikwama pakhomo. Amene ayankha kale agawikana pawiri: ena akuti chiletso chilichonse ndi nkhanza kwa osauka, pamene ena akuti popanda ziletso mzinda wa Harare usanduka dzala. Ine sindikuima ndi mbali iliyonse mwa ziwirizi, chifukwa ziletso zimene taona kuno ku Zimbabwe ndi kwathu ku Malawi sizinabale zipatso zofanana. Maganizo anga ndi akuti chiletso chimathandiza ngati chikugwira chinthu pamene chimachokera, kufakitale kapena pachipata cha dziko, ndiponso ngati anthu apatsidwa china choti agwiritse ntchito m'malo mwake. Chikangolunjika kwa mayi wogulitsa pamsewu, pamene ogula akuchifunabe chinthucho, ndiye kuti malondawo sanathe, angosamukira kumdima.

Ndiyambe ndi mbali ya ofuna ziletso, chifukwa ali ndi mfundo imodzi yolimba imene sitiyenera kuipeputsa. Pali zinthu zimene zimavulaza munthu amene sanazisankhe. Kale petulo ankathiridwa mtovu, ndipo utsi wake unkawononga ubongo wa ana amene sanakwerepo n'komwe galimoto. Mayiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara anasiya petulo wotere pofika kumayambiriro kwa 2006, ndipo Algeria, limene linali dziko lomaliza padziko lonse, linasiya mu 2021. Simunamvepo kuti pali munthu amene akugulitsa petulo wa mtovu mobisa kuseri kwa msika waukulu wa Mbare Musika, chifukwa oyenga mafuta ndi ochepa, n'kosavuta kuwayang'anira, ndipo woyendetsa galimoto anapeza petulo wina papampu yomweyo. N'chimodzimodzinso ndi malamulo a mu 2002 oletsa kusuta fodya m'mabasi ndi m'malo ena opezekamo anthu ambiri: wosuta sanalandidwe fodya wake, anangouzidwa kuti asasutitse khanda limene lili kumsana kwa mayi amene wakhala naye mpando umodzi. Mu 2017 bungwe loona za chilengedwe la EMA linaletsa timabokosi ta kaylite timene ankaikamo sadza (nsima) ndi tchipisi, chifukwa sitiwola ndipo tinkatseka ngalande za m'tauni. Ogulitsa zakudya anadandaula, koma ambiri anasinthira ku mabokosi a mapepala ndipo malonda anapitirira.

Nkhani ya mowa ndi yovutirapo, ndipo m'pofunika kuiona mbali zonse. Ku Malawi boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, chifukwa unali wotchipa kwambiri moti mwana wasukulu ankatha kuugula ndi ndalama ya mandasi n'kuubisa m'thumba la yunifomu. Amene amati munthu aliyense ali ndi ufulu womwa chimene akufuna amaiwala kuti sacheti inapangidwa dala kuti ifike kwa amene alibe ndalama ya botolo, ndipo ambiri mwa iwo anali ana. Ku South Africa, pamene mowa unaletsedwa m'nyengo ya COVID-19, chipatala chachikulu cha Chris Hani Baragwanath ku Soweto chinalengeza kuti pa 1 Januwale 2021 m'chipinda cholandirira ovulala kwambiri munalibe wodwala, chinthu chimene sichinkachitika pa Chaka Chatsopano. Umboni umenewu ndi woona ndipo wotsutsa ziletso ayenera kuuvomereza. Komabe chiletso chimenecho chinali cha masabata owerengeka. Chimene chimachitika chiletso chikakhalitsa tikuchidziwa kuchokera ku United States, kumene mowa unaletsedwa kuyambira 1920 mpaka 1933 ndipo malondawo anagwera m'manja mwa magulu a zigawenga. Sitifunikanso kupita kutali chotero, pakuti kachasu ndi woletsedwa muno mu Zimbabwe kuyambira nthawi ya atsamunda, koma aliyense amene anakulira m'makomboni a m'mafamu ndi m'migodi akudziwa kuti sanasiye kutchezedwa. Ku Malawi komweko masacheti atachoka, mowa womwewo unabwerera m'timabotolo tapulasitiki. Phindu limene linatsala ndi lakuti mtengo wake unakwerako ndipo kubisa kunavutirapo, koma uchidakwa sunathe.

Tsopano tione ziletso zimene zinalephera poyera, zimene ife a mu Harare tinaziona ndi maso athu. Mu 2007 boma linalamula kuti mitengo ya katundu itsitsidwe, ndipo m'masabata ochepa mashelefu a m'masitolo anatsala opanda kanthu, pamene shuga, ufa ndi mafuta ophikira zinkapezeka kumsika wamseri pamtengo woposa wakale. Mu Juni 2019 lamulo la SI 142 linaletsa kugula ndi kugulitsa pogwiritsa ntchito ndalama zakunja, koma chaka chisanathe, mu Malichi 2020, boma lomwelo linalolanso dola ya ku America. Mu 2020 makombi (maminibasi) a anthu wamba analetsedwa pokhapokha atalowa pansi pa ZUPCO, kampani ya mabasi ya boma. Cholinga chake chinkamveka, chifukwa tonse tinatopa ndi chipwirikiti cha m'marenki (malo okwerera makombi), koma mabasi anali ochepa, anthu ankaima pamzere mpaka usiku kufuna kubwerera ku Mufakose, ku Highfield kapena ku Epworth, ndipo mushikashika unakula kuposa kale, anthu akupanikizana m'timagalimoto tating'ono topanda chilolezo chonyamula anthu. Pofika 2022 makombi anabwerera. Ku South Africa ndudu zinaletsedwa kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka mu Ogasiti 2020, osuta ambiri anapitiriza kugula, boma linataya msonkho, ndipo ndudu zambiri zinkaoloka mtsinje wa Limpopo usiku kuchokera mbali yathu ino. M'zitsanzo zonsezi chinthu choletsedwacho chinali chofunidwa ndi anthu ochuluka tsiku ndi tsiku, ndipo panalibe china chokwanira cholowa m'malo mwake.

Kaunjika, amene ndi malonda anu, ali m'gulu limeneli, ngakhale kuti zifukwa za boma si zachabe. Dziko lino limalima thonje, ndipo linali ndi mafakitale akuluakulu a nsalu monga David Whitehead ku Chegutu ndi ku Kadoma ndiponso Cone Textiles ku Chitungwiza, amene ankalemba ntchito anthu ochuluka, kuphatikizapo makolo a ena mwa ife. Boma likamanena kuti telala ndi fakitale sizingapikisane ndi malaya amene anaperekedwa ulere ku Ulaya, likunena zoona. Palinso nkhani ya msonkho, popeza mabhero ambiri amalowa mozemba kudzera m'malire a Mozambique. N'chifukwa chake mu 2015 kuitanitsa zovala zakale kunaletsedwa, ndipo kuyambira pamenepo chiletsochi chalengezedwa mobwerezabwereza. Kubwerezako kukusonyeza kuti sichinagwire. Aliyense amene wadutsa pa msika wa zovala wa Mupedzanhamo kapena m'misewu ya m'tauni madzulo akudziwa kuti mabhero akutsegulidwabe. Mafakitale aja anayamba kugwa m'zaka za m'ma 1990, m'nyengo ya ndondomeko yosintha chuma ya ESAP ndi chilala cha 1992, ndipo chimene chinkawalepheretsa kudzuka kwa zaka zambiri chinali makina akale, magetsi osadalirika ndi kusowa kwa ngongole zotsika mtengo. Mutachotsa kaunjika yense lero, mayi wa ana anayi sangagule nsalu ya ku Kadoma, adzagula zovala zatsopano zotchipa zochokera ku China, zimene nthawi zambiri sizilimba ngati za m'bhero. Rwanda inasankha kukweza kwambiri msonkho wa zovala zakale mu 2016 pofuna kukulitsa mafakitale ake, ndipo mu 2018 United States inaichotsera mwayi wogulitsa zovala ku America mopanda msonkho pansi pa lamulo la zamalonda la AGOA. Kaya munthu agwirizana ndi Rwanda kapena ayi, iwo anadziwa mtengo wa chisankho chawo ndipo anaulipira monga dziko. Kuno mtengowo umagwera wogulitsa yekha, amene amalipira wozembetsa, n'kulipira pamsewu, kenako n'kulandidwanso katundu.

Apa ndi pamene pali vuto limene ofuna ziletso sakonda kulitchula. Lamulo limene aliyense akuliswa koma likadali m'mabuku limasanduka chipata cha ziphuphu, chifukwa wogwira ntchito ya boma amakhala ndi mphamvu yosankha woti amugwire ndi woti amusiye. Limapwetekanso mosiyana: wolemera amapeza chilolezo, wosauka amathawa ndi katundu kumutu. Lamulo la SI 64 la mu 2016, limene linaletsa kulowetsa popanda chilolezo zinthu monga madzi a m'mabotolo, Cremora ndi mafuta odzola, linathandizadi mafakitale ena a m'dziko muno, koma linadula mpweya amayi a malonda oolotsa malire, ndipo pa 1 Julayi chaka chimenecho nyumba yosungiramo katundu ya ZIMRA, bungwe lotolera msonkho, pachipata cha Beitbridge inatenthedwa pa zionetsero. Ife amene makolo athu anachokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique tili ndi chifukwa chapadera chokhalira tcheru. Pa Murambatsvina, pamene boma linagwetsa nyumba ndi misika yosavomerezeka mu 2005, lipoti la United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba kapena malonda awo, ndipo pamene anthu ankauzidwa kuti abwerere kumudzi, ambiri a ife tinalibe mudzi m'dziko muno wobwererako.

Pa malonda a zakudya m'misewu sindinganene kuti boma lisamalowererepo. Kolera ya 2008 ndi 2009 inapha anthu oposa 4,000, ndipo pamene inabukanso ku Glen View ndi ku Budiriro mu Sepitembala 2018 kunali koyenera kuimitsa kwakanthawi misonkhano ndi kugulitsa zakudya zophikaphika poyera. Chimene ndikukana ndi kusandutsa wogulitsa tomato kukhala gwero la matendawo, pamene zinadziwika kuti madzi a m'mijigo ina anali ataipitsidwa ndi mapaipi a zonyansa ophulika. Kuthamangitsa mavenda kumaoneka pa TV tsiku lomwelo, pamene kukonza mapaipi kumafuna ndalama ndi zaka, ndipo n'zosadabwitsa kuti akuluakulu amathamangira choyambacho.

Ziletso za makhalidwe ndizitchula mwachidule, chifukwa kwa ine nkhani yake ndi yosavuta. Ku Malawi lamulo la 1973 linaletsa akazi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi mpaka linachotsedwa mu 1993. Thalauzi la mkazi silinavulazepo munthu, choncho lamulolo silinkateteza aliyense, linkangokakamiza onse kutsata zokonda za olamulira. Choipa chake n'chakuti maganizo otere amatsalira lamulo litapita: mu 2012 mavenda ena anavula akazi ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo mu 2014 mahwindi (oitanira makombi) anachita zomwezo kwa mtsikana pa renki ina muno mu Harare, mpaka ena anamangidwa.

Za eni malonda n'zosiyana pang'ono ndi za boma, chifukwa sitolo ikakuikirani lamulo losakusangalatsani mukhoza kukagula kwina, ndipo mwini sitolo sangakutsekereni m'chitolokosi. Kusiya chikwama pakhomo ndimakuona kukhala koyenera ngati lamulolo likugwira aliyense, wovala suti ndi wovala chitenje yemwe, ndiponso ngati sitoloyo ikuvomera kulipira katundu wanu akasowa m'manja mwawo. Inunso, Anaphiri, mukakana kukongoza kapena kukana ndalama yong'ambika mukuika chiletso pamalonda anu, ndipo palibe angakutsutseni. Ufulu umenewu uli ndi malire awiri. Oyamba ndi lamulo la dziko: chikwangwani chonena kuti katundu wogulidwa sabwezedwa sichingafafanize ufulu umene lamulo loteteza ogula la 2019 limakupatsani ngati mwagulitsidwa chinthu chowonongeka. Achiwiri ndi pamene wogula alibe kwina kopita. Munthu amene amalandira malipiro mu ZiG, ndalama imene inayamba mu Epulo 2024, akapeza kuti malo ambiri ogulitsira mafuta a galimoto akufuna madola okha, sizimuthandiza kumuuza kuti akagule kwina. Wamalondayo ali ndi chifukwa chake, popeza nayenso amaoda ndi madola, koma zikafika apa chiletso cha bizinesi chimalemera ngati cha boma. Chimodzimodzi ndi makampani a pa intaneti. WhatsApp itachepetsa mu 2019 chiwerengero cha anthu kapena magulu amene mungawatumizire nthawi imodzi uthenga umene mwalandira kwa wina kufika pa asanu, pofuna kuchepetsa mphekesera, inangoika chopinga popanda kutseka munthu pakamwa, ndipo ndikuona kuti inachita bwino. Koma Facebook ikatseka tsamba limene munthu amagulitsirapo zovala, popanda kumuuza chifukwa chomveka kapena kumupatsa munthu woti adandaule kwa iye, yamulanda msika wonse.

Choncho pa zinthu zitatu zimene munatchula, mayankho anga ndi osiyana. Pa tumbwa ndikugwirizana ndi chiletso, chifukwa womwa sadziwa mphamvu ya chimene chili m'botolomo ndipo ogula ambiri ndi achinyamata, koma apolisi alunjike kwa osakaniza mowawo ndi kwa amene amawagulitsa ethanol m'migolo, popeza amenewo ndi owerengeka ndipo malo awo amadziwika. Pa malonda a m'misewu ndingakonde malo ovomerezeka okhala ndi madzi ndi zimbudzi, pafupi ndi marenki pamene ogula amadutsa, chifukwa msika womangidwa kutali ndi anthu umatsala wopanda munthu ndipo mavenda amabwerera pamsewu. Pa kaunjika ndingakonde kuti aloledwe kulowa poyera pa zipata za Forbes ndi Nyamapanda m'malire a Mozambique, pamsonkho umene wamalonda wamng'ono angaukwanitse, kuti ndalama imene panopa ikuthera m'manja mwa ozembetsa ilowe m'thumba la boma, ndipo inu mukhale ndi lisiti loti muonetse akakufunsani kumene bhero lanu lachokera.