Funsani Dokotala: Akuti mtima ukupopa bwino, nanga bwanji amayi akubanika?

Adokotala, amayi anga ali ndi zaka 68 ndipo akhala ndi BP kwa nthawi yaitali. Mapazi akutupa, akayenda pang'ono amachita wefuwefu, ndipo usiku amagona atatsamira mapilo atatu. Chaka chatha atawaunika mtima anati ukupopa pa 60 peresenti, ndiye kuti uli bwino. Ndinawagulira mankhwala a mphumu koma sakuthandiza. Amamwanso diclofenac chifukwa cha mawondo. Kodi ndi mphumu?
Wodandaula

Mwafunsa za mphumu, koma ndikuona kuti chikukusowetsani tulo n'chakuti mwina pali matenda amene akubisala. Mantha anuwo ndi omveka.

Maganizo akuti mtima ukamapopa bwino ndiye kuti ulibe vuto apweteketsa anthu ambiri. Mtima uli ndi ntchito ziwiri: kufinya magazi kuti atuluke, kenako kumasuka kuti magazi ena alowe. Nambala ya 60 ija ikunena za kufinya kokha. BP ikakhalitsa, minofu ya mtima imanenepa n'kuuma, moti simasukanso mokwanira. Magazi amadikirira m'mapapo, madzi n'kuyamba kudzaza m'mapapomo ndi m'miyendo. Munthu akagona chagada madziwo amasefukira pachifuwa, n'chifukwa chake amayi akufuna mapilo atatu. Madokotala timati diastolic dysfunction, ndipo pafupifupi theka la odwala matenda olephera kwa mtima ndi otere, makamaka amayi achikulire a BP, shuga kapena onenepa.

Kale chithandizo chinali chochepa. Koma mu 2021 kafukufuku wa EMPEROR-Preserved, wa odwala pafupifupi 6,000, anasonyeza kuti mankhwala a empagliflozin, amene poyamba anali a shuga, amachepetsa kugonekedwa m'chipatala kwa odwala otere.

Apa ndikudzudzuleni pang'ono. Chaka chonse chapita mukudalira pepala lakale la zotsatira za kuunika mtima kuja, ndipo mankhwala ogula nokha achedwetsa chithandizo. Diclofenac ndi ibuprofen amachititsa thupi kusunga mchere ndi madzi, ndiye akuwonjezera kutupako. Awasiye. Musawagulirenso mapiritsi okodzetsa popanda kuyezetsa impso.

Apite kuchipatala sabata ino, mutatenga mankhwala onse amene akumwa ndi pepala lija. Auzeni adokotala za mapilo atatuwo, n'chizindikiro chachikulu. Pemphani ECG (kuyeza kagundidwe ka mtima), echo yatsopano (kuunika mtima ndi makina) yoonanso kumasuka kwa mtima, kuyeza impso ndi shuga, ndiponso NT-proBNP (kuyeza magazi koonetsa ngati mtima ukuvutika) ngati ilipo. Kunyumba achepetse mchere ndipo azikwera sikelo m'mawa uliwonse; akawonjezera makilogalamu 2 m'masiku 3, bwererani msanga. Akayamba kubanika atangokhala, kapena kutsokomola thovu, musadikire kuti kuche.