Mpope wina wa Bren walowa bwinobwino, ndiye tikawombere?

Kalata ya ulendo uno yachokera ku Texas. Mnzathu wina wa ku Zomba amene anakwatira kumeneko akuti apongozi ake aamuna ali ndi mfuti ya chiwaya ya Bren Mk II, ya zipolopolo za .303, yolembetsedwa kuboma monga malamulo a ku America amanenera. Mpope wake watha, ndiye agula wina pamodzi ndi bolt ina (chitsulo chokankhira chipolopolo mumpope n'kutseka kumbuyo kwake) kwa ogulitsa zida zakale zankhondo. Zonse zalowa popanda kukakamiza. Akufunsa ngati kulowa kumeneku sikukukwanira, ndiponso ngati headspace imene anthu amangoitchula n'chinthu choti munthu n'kutayirapo ndalama.

Achimwene, musawombere kaye. Kulowa kwa chitsulo m'malo mwake sikukuuzani kanthu za mpata umene watsala m'kati, ndipo mpata umenewo ndi umene umavulaza anthu.

Headspace ndi mtunda wochokera pankhope ya bolt, itatseka, kukafika pamene pamaimitsa chipolopolo kuti chisapitirire kulowa mumpope. Pa .303 British khoko la chipolopolo lili ndi mkombero wotambalala kumatako kwake, ndipo mkomberowo ndi umene umakhazikika pakamwa pa mpope. Choncho chimene tikuyeza ndi malo a mkomberowo basi. Asilikali a Britain ankafuna kuti mpatawo usachepere mainchi 0.064 ndipo usapose 0.074. Kusiyana kwake ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a milimita, ngati mapepala awiri kapena atatu a m'kope mutawasanjikiza. Diso silingaone zimenezo, chala sichingamve.

Mpata ukachuluka, onga ukayaka mbali ya kutsogolo ya khoko imafufuma n'kugwira makoma a mpope, pomwe matako ake amabwerera m'mbuyo kukafuna bolt. Mkuwa umakokeka pamalo amodzi, pafupi ndi matako, mpaka kuduka. Mwayi ukakhalapo, theka la khoko limangotsalira mumpope ndipo chipolopolo chotsatira chimakanirira. Mwayi ukasowa, mpweya wotentha umatulukira kumbuyo. Pa Bren makoko amagwera pansi, magazini ili pamwamba, ndipo nkhope ya wowombera ili pafupi pomwepo. Mpata ukachepa vuto lake n'lina: bolt siyitseka mokwanira. Kumbukirani kuti Bren imawombera bolt ikuchokera kumbuyo ndi liwiro, zipolopolo pafupifupi 500 pa mphindi, ndiye palibe mpata woti mumve ndi dzanja kuti apa palimba, monga mungamvere pa mfuti ya Lee-Enfield, imene bolt yake mumaitseka ndi dzanja.

Tsono chimene ambiri sachidziwa n'chakuti Bren siyinapangidwe kuti mpope uliwonse uzigwirizana ndi mfuti iliyonse. Inde, mpope wake umachoka m'masekondi ochepa, mukangokweza chogwirira cha nati yake, ndipo pankhondo ankausintha akawombera mofulumira magazini khumi, zipolopolo 300. Koma mfuti iliyonse inkayenda ndi mipope yakeyake iwiri, yodindidwa nambala ya mfutiyo, mmisiri wa gulu la asilikali atayeza kale yonse iwiri. Bolt ya Bren ikafika kutsogolo, matako ake amakwera m'mwamba n'kutsamira kachitsulo kolimba kotchedwa locking shoulder, komangidwa m'thupi la mfuti. Tizitsulo timeneti tinkapangidwa m'masaizi osiyanasiyana, ndipo mmisiri ankasankha kamene kangabweretse mpata woyenera. Nati yogwira mpope nayonso inali ndi masaizi ake. Ndiye mpata umene muli nawo lero ukuchokera ku zinthu zinayi: mpope, nati, bolt ndi kachitsulo kotsamirako. Inu mwasintha ziwiri nthawi imodzi, ndipo mwina china chinapangidwa ku Enfield, china kwa John Inglis ku Toronto kapena ku Lithgow ku Australia, n'kudyeka m'mfuti zosiyana kwa zaka zambirimbiri.

Poti ndinu a ku Zomba, mfuti yomweyi ndi imene agogo athu a King's African Rifles ananyamula ku Burma mu 1944. Apongozi anu muwauze zimenezo, mwina adzakupatsani ulemu wapadera.

Mageji, tizitsulo toyezera mpatawu timene mumaika m'malo mwa chipolopolo, ogulitsidwa ku America amabwera atatu: GO, NO-GO ndi FIELD. Makampani ngati Forster ndi Clymer amapanga. Bolt iyenera kutseka pa GO. Pa FIELD siyiyenera kutseka ngakhale pang'ono, ndipo ikatseka mfutiyo ipachikeni. NO-GO ndi imene imasokoneza anthu. Ya .303 yogulitsidwa kwa anthu wamba imakhala mainchi 0.067, malire a mfuti yatsopano yochoka kwa mmisiri, pomwe asilikali ankalola mpaka 0.074. Mfuti yakale yankhondo ikhoza kutseka pa 0.067 n'kukhalabe m'malire a eni ake. Werenganinso nambala imene yalembedwa pa geji ya FIELD, chifukwa ena amagulitsa ya 0.070 ndipo ena ya 0.074. Ine maganizo anga ndi akuti mpope wogula kumene, woti mukufuna uzigwira ntchito zaka zikubwerazi, usamayambire pafupi ndi malire omaliza. Asilikali ankawombera khoko kamodzi n'kulisiya m'matope. Apongozi anu, ndi mtengo wa .303 masiku ano, mwina amatolera makoko n'kuwadzazanso, ndipo khoko lokokeka kale siliona ulendo wachitatu.

Poyeza, chotsani magazini, onani ndi maso kuti mumpope mulibe kanthu, ndipo zipolopolo zikhale m'chipinda china. Kenako tsukani. Zida zakalezi zimabwera zitapakidwa girisi wokhuthala uja wa cosmoline, wouma ngati phula, ndipo kakang'ono kokha kotsalira pankhope ya bolt kapena pakamwa pa mpope kakhoza kuchititsa mfuti yotayirira kuoneka yolimba. Tsukani ndi gejiyo yomwe. Sipuling'i yobwezera bolt isagwire nawo ntchito, ndipo kambedza kokokera khoko kachotsedwe ngati geji yanu ilibe malo ake, kuti chimene chala chanu chikumva chikhale gejiyo yokha. Kankhani pang'onopang'ono ndi chala. Geji ndi chitsulo cholimba kwambiri. Mukalola bolt kuimenya ndi mphamvu ya sipuling'i, mukhoza kuiswa, kuwononga mpope, kapena kuitsekera mokakamiza n'kudzinamiza. Pa Bren yang'anani ngati matako a bolt akwera mpaka pamapeto, osangoona kuti zitsulo zafika kutsogolo.

Yezani gulu lililonse palokha: mpope watsopano ndi bolt yakale, mpope watsopano ndi bolt yatsopano, wakale ndi yatsopano. Lembani zotsatira pakapepala, mumangirire pampope. Zikhoza kutheka kuti bolt yatsopanoyo simukuifuna n'komwe.

Zikapanda kugwirizana, pamenepo ntchito yanu yatha. Musapale chitsulo, musaike tizitsulo tapakati, ndipo locking shoulder musaisinthe kunyumba, chifukwa mukakonzera mpope umodzi mwasokoneza winawo. Pitani nazo kwa mmisiri wa mfuti amene ali ndi chiphaso chogwira mfuti za chiwaya ndipo anaigwirapo Bren. Pali chifukwa chinanso chochitira zimenezi. Kuyambira pa 19 Meyi 1986 boma la America linasiya kulembetsa mfuti zatsopano za chiwaya za anthu wamba, ndiye thupi la mfuti ya apongozi anu likawonongeka palibe fakitale ingakupangireni lina lovomerezeka. Mpope mungagule wina mawa.

Mukamva anthu akunena kuti headspace amaikonza pongopotokola mpope n'kuwerenga kulira kwake, akunena za mfuti za Browning, M1919 ndi M2. Pa M2 yakale msilikali ankayeza nthawi iliyonse akasintha mpope, ndi geji ya mainchi 0.202 mbali ina ndi 0.206 mbali inayo, ndipo kulakwitsa pamenepa kunavulaza asilikali ambiri mpaka anabweretsa M2A1 imene mpata wake sufuna kuchunidwa. Bren ilibe zoterezo.

Onetsetsaninso kuti mpopewo ndi wa .303 ndithu. Ma Bren ambiri anasinthidwa kukhala L4 ya 7.62 NATO, ndipo a Inglis anapanganso ena a 7.92 opita ku China. Werengani zodindidwa pampope, musadalire mawu a wogulitsa. Geji siyikuuzaninso za dzimbiri. Zipolopolo zakale zankhondo zinkasiya mchere wokoka chinyezi, choncho walitsani tochi m'malo mokhala khoko muone ngati muli timaenje, ndiponso ngati mizere ya m'kati yoyambirira sinafufutike.

Mmisiri akavomereza, ikani mfuti pa kuwombera chimodzichimodzi, valani magalasi, muike chipolopolo chimodzi chokha m'magazini. Tolani khokolo. Mukaona mzere wowala wozungulira pamwamba pang'ono pa mkombero, kapena kapu yoyatsira onga itatuluka kunja, lekani pomwepo. Wongolani kawaya komangira mapepala, mupinde nsonga yake, mukande nako m'kati mwa khoko chapansi. Kakakodwa m'kangalande, mkuwawo wayamba kale kuduka ndipo mfutiyo ibwerere kwa mmisiri pamodzi ndi khokolo.