Kwa sisi amene mwafunsa za mankhwala azitsamba ku sukulu ya unamwino

Sisi, mwafunsa ngati nkoyenera kumawerenga za mankhwala azitsamba ndi zina ngati acupuncture (kuchiza pobaya timasingano pathupi) pomwe pa mayeso sizibwera kwenikweni. Ine ndikuti werengani ndithu. Sikuti muzikawalembera odwala ayi, cholinga nchakuti muzidziwa zomwe amwa kale asanafike pa OPD, pomwe timaonera odwala osagonekedwa.

Ambiri pofika kuchipatala amakhala atadzera kale kwa asing'anga kapena agogo anawawiritsira nimu, cham'mwamba, aloe vera, ndiye inu mukafunsa kuti "pali mankhwala ena omwe mukumwa?" amangoti ayi, poti kwa iwo mankhwala ndi mapilisi basi, komanso amaopa kukalipidwa, ife anamwinofe mbiri yathu pa nkhani yokalipa mukuidziwa kale. Funsani kuti "mayi, mwayesako chani kunyumba musanabwere?" nkhope osakwinya, muona akumasuka.

Ku leba ndiye nkhaniyi si yamasewera. Amayi ena amamwa mwanamphepo kuti matenda afulumire, chiberekero chimakoka mwamphamvu mosapumira mwana nkubanika kapena chiberekerocho kung'ambika kumene, ndiye tangoganizani inu osadziwa mwawonjezeranso oxytocin, mankhwala okoketsa chiberekero, pamwamba pake. Kwa omwe ali pa ma ARV, chitsamba cha St John's wort chimafooketsa mankhwalawo m'thupi, mapilisi olera chimodzimodzi. Awa a shuga ndi BP vuto lawo nlosiya mapilisi akangomva kuti kwabwera chitsamba chochiziratu, muziwafunsa ulendo uliwonse.

Komabe musanyoze zonse. LA yemwe timapereka pa malungo uja artemether wake anachokera ku chomera cha Artemisia annua, mpaka Tu Youyou wa ku China analandira mphoto ya Nobel mu 2015 chifukwa cha ntchito imeneyo. Kusiyana kwake ndi mlingo, m'pilisi umadziwika pomwe mu tiyi wa masamba sudziwika, nchifukwa chake WHO imakana zochiza malungo ndi tiyi wa Artemisia, tizilombo tikapanda kufa tonse timazolowera mankhwala.

Poyambira tsitsani WHO Traditional Medicine Strategy ya 2014 mpaka 2023, ili pa intaneti ulere, kenako limbikirani pharmacology mbali ya drug interactions, momwe mankhwala amasokonezerana m'thupi. Za acupuncture ingodziwani kuti nchani, kuno simukumana nazo kawirikawiri. Mukapita ku ma alokeshoni, kokaphunzira ntchito m'mawodi, chilichonse chomwe wodwala wanena kuti wamwa lembani mu fayilo ndi nthawi yomwe wamwera, dzina lake lachichewa lomwelo, kuti a shifiti ya usiku asayambirenso kufunsa.