Madzi opanda mpweya si manda, aphunzitsi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mphunzitsi wina wa sayansi ku Santhe. Analemba kuti: "Ana anga a Fomu 3 amva kuti m'nyanja zamchere muli malo amene madzi ake alibe okosijeni. Akufunsa ngati mumakhala chamoyo chilichonse. Ndiwayankhe chiyani?"

Aphunzitsi, auzeni kuti zamoyo zilimo, zosawerengeka, kungoti maso sangazione. Koma musathamangire nawo ku Pacific, yambani mwawatengera kudambo.

Tili ana kwathu ku Kasungu tinkakumba nyongolotsi za nyambo m'dambo. Ukaponda matope akuda aja mwendo unkalowa mpaka m'bondo, pouzula pankatuluka tithovu ndi fungo la dzira lovunda. Ife tinkangoti matope awola. Fungo lija ndi mpweya wa hydrogen sulphide, ndipo amaupanga ndi mabakiteriya amene okosijeni alibe naye ntchito, iwo amapuma sulphate, mchere wina wopezeka m'madzi ndi m'matope.

M'nyanja zamchere nkhani yake ndi yomweyo. Pamwamba, pomwe dzuwa limafika, pamamera tindere tosaoneka ndi maso. Tinderetu tikafa timamira, mabakiteriya n'kumatidya tili m'njira, ndipo podyapo amatha okosijeni. Kumene madzi apansi sasakanikirana bwino ndi apamwamba, pamatsala lamba wa madzi osowa mpweya, kawirikawiri pakati pa mamita 200 ndi 1,000 kupita pansi. Malo odziwika kwambiri ali kufupi ndi Peru ndi Chile, kufupi ndi Mexico, ku Arabian Sea, komanso kuno kwathu ku Africa, m'mphepete mwa Namibia.

Nsomba zambiri zimathawa malo otere. Tizilombo tosaonekati ndiye timasangalala, chifukwa kupuma kwake n'kwamitundumitundu. Okosijeni akatha, ena amapuma nitrate (mchere wa nayitulojeni, wopezekanso mu feteleza), n'kumusandutsa mpweya wa nayitulojeni umene umathawira m'mlengalenga. Ena amadya sulphide yemwe anzawo ataya. Zotaya za uyu ndi ndiwo za mnzake. Palinso gulu lotchedwa anammox, limene linayamba kudziwika m'zaka za m'ma 1990 m'malo oyeretsera madzi oipa ku Netherlands, kenako mu 2003 analipeza mu Black Sea. Awa amaphatikiza ammonium ndi nitrite, mitundu inanso iwiri ya nayitulojeni wa m'madzi, ndipo ntchitoyo ili mkati, m'thupi mwawo mumapangika hydrazine, mankhwala omwe anthu amathira m'maroketi. Anyamata okhala kumbuyo kwa kalasi aja mukawauza zimenezi, tulo tithera pomwepo.

Koma ine amene ndimamukonda ndi Thiomargarita namibiensis. Heide Schulz, wasayansi wa ku Germany, anamupeza mu 1997 m'matope apansi pa nyanja kufupi ndi Walvis Bay. Bakiteriya ameneyu amakula mpaka mamilimita 0.75, ndiye kuti maso enieni amamuona, ngati kadontho ka cholembera, ndipo amalumikizana ndi anzake ngati mkanda woyera. N'chifukwa chiyani amakula chotere? Pafupifupi thupi lake lonse ndi nkhokwe. Madzi okhala ndi nitrate akadutsa iye amatuta n'kusunga, kuti adzapumire miyezi ya chilala. Munthu amene anaonapo njala ya February safuna kumufotokozera kawiri.

Mwina mwana wina afunsa kuti zikutikhudza bwanji ife a kumtunda. Mufunseni ngati anaonapo chimanga chikuchita chikasu m'munda mwa lowe, pomwe bambo ake anathira CAN wokwanira. Feteleza wina amakokoloka, inde, koma wina amadyedwa ndi mabakiteriya a mtundu womwewu: nthaka ikamira m'madzi okosijeni amatha, iwo n'kutembenukira ku nitrate wa m'thumba lija, ndalama n'kuuluka ngati mpweya. M'nyanja zamchere, malo osowa okosijeniwa ndi kachigawo kochepa chabe ka madzi onse, koma asayansi amawerengera kuti 30 mpaka 50 peresenti ya nayitulojeni amene nyanja imataya amathawira pamenepo. Pamatulukanso nitrous oxide, mpweya wotenthetsa dziko.

Nyanja yathu ya Malawi nayo ili ndi zake. Imazama pafupifupi mamita 700, koma kupitirira mamita 250 kupita pansi mulibe okosijeni. Usipa, chambo ndi kampango zonse zimakhala m'chipinda chapamwamba.

Chodetsa nkhawa n'chakuti malowa akukula. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza kuti nyanja zamchere zataya pafupifupi 2 peresenti ya okosijeni kuchokera mu 1960, makamaka chifukwa madzi akutentha. Mabakiteriya sadandaula, koma nsomba ndi asodzi ndiwo akupanikizika.

Sukulu yanu ikhale ilibe maikulosikopu, musataye mtima. Tumani ana akatape matope a kudambo, musakanize ndi nyuzipepala yong'ambang'amba ndi yolk (chachikasu chija) ya dzira lophika, muthire m'botolo loonekera la pulasitiki mpaka kupitirira theka, pamwamba madzi a kudambo komweko. Tsekani, muike pazenera lowala. Njirayi imatchedwa ndi dzina la Sergei Winogradsky, wasayansi wa m'zaka za m'ma 1880. Pakatha masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu mudzaona mizere: pansi pakuda bii, pakati pofiirira ndi pobiriwira, mtundu uliwonse pamalo pake. Tsiku lotsekula botolo mukatsekulire panja, kutali ndi ofesi ya ahedi.