Pulezidenti wa kadziko kanu wasowa miyezi inayi: kodi akuyenerabe mpandowo?

Achimwene, mwanena kuti m'kadziko kanu kodzipangira, kamene anthu amakatcha micronation ndipo kamayendera pa Discord (pulogalamu yochezerapo pa intaneti) ndi pa webusayiti, munasankha pulezidenti koma tsopano patha miyezi inayi osamveka. Nzika zina zikuti achoke, zina zikuti anawina voti ndiye amalize teremu yake, pamene malamulo anu sanenapo kanthu za mtsogoleri wosowa. Mukufunsa ngati akuyenerabe udindowo ndiponso chimene mungachite.

Kukhala chete pagulu si mlandu. Mlandu umayamba pamene pali ntchito imene malamulo anu anaipereka kwa iye yekha, tsiku lake n'kukwana, iye osaigwira. Ndiye musanakangane zambiri, mlembi wanu atenge malamulowo alembe ntchito zonse za pulezidenti: kusainira mabilu, kuitanitsa chisankho, kusankha nduna, kuvomereza nzika zatsopano, kuloleza kuti ndalama zituluke. Pa ntchito iliyonse alembe gawo la malamulo limene likuitchula, tsiku limene inayenera kuchitika, ndi chimene chaima chifukwa sinachitike. Pepala limenelo ndilo liyankhe funso lanu. Likatuluka lopanda kanthu, ndiye kuti mpandowo ndi waulemu chabe, ndipo chimene chikukuvutani ndi kuzizira kwa gulu lonse, kumene sikungathe pochotsa munthu mmodzi. Koma likasonyeza kuti mabilu awunjikana osasainidwa, ofunsira unzika akudikira mpaka kutopa, tsiku la chisankho ladutsa, pamenepo tinganene mosazengereza kuti sakuyenera mpandowo, ngakhale akhale munthu wabwino chotani, ngakhale akhale amene anayambitsa kadzikoko.

Chimene chimapangitsa nkhaniyi kulemera ndi ichi. Pangano la ku Montevideo la 1933 limatchula zinthu zinayi zimene dziko liyenera kukhala nazo: anthu okhazikika, malo odziwika, boma, ndi kuthekera kochita ubale ndi maiko ena. Kadziko ka pa intaneti kamangodalira chimodzi mwa zinayizi, boma loyenda. Limenelo likaima, nzika sizichita zionetsero ayi, zimangosiya kutsegula Discord mmodzimmodzi, ndipo wochoka motero sabwerera kawirikawiri.

Koma musanalankhule n'komwe za kumuchotsa, fufuzani kuti makiyi, kutanthauza mapasiwedi ndi umwini wa maakaunti a kadzikoko, ali ndi yani. Apa ndi pamene timaiko tambiri timafera, ndipo anthu amapakumbukira mochedwa. Yang'anani pa WHOIS, kaundula wa maadiresi a pa intaneti, tsiku limene domain yanu (adiresi ya webusayiti yanu) idzathere, zimenezi aliyense angathe kuona kwaulere. Domain ya .com ikatha osalipiridwa, webusayiti imazima posachedwa, kampani yolembetsa ikhoza kuisunga mpaka masiku 45, kenako pamabwera masiku 30 oti mwini wake aiwombole pa mtengo wokwera, ndiye masiku 5 omaliza, ikatero aliyense padziko lapansi angathe kuigula. Ngati inalembetsedwa m'dzina la pulezidentiyo, kampaniyo imvera iye yekha. Seva ya Discord, ndiye kuti gulu lanu la pa Discord, imakhala ndi mwini mmodzi, ndipo adimini wina aliyense sangamulande umwiniwo mwa iye yekha. Pa WhatsApp, amene anatsegula gulu sangachotsedwe pa uadimini ndi maadimini anzake, ndipo akaunti imene yakhala masiku pafupifupi 120 osalumikizika imafufutidwa. Choncho lero lomwe koperani malamulo anu, kaundula wa nzika, zotsatira za zisankho zonse, mbendera, zithunzi ndi nkhani za pa webusayiti, muzisunge kwa anthu awiri kapena atatu osiyana. Pakadafunda padajiwitsa galu.

Za ndalama samalani kwambiri. Ngati zopereka za nzika zimalowa mu akaunti ya PayPal kapena ya kubanki ya munthuyo, pamaso pa banki ndalamazo ndi za munthuyo, ndipo khothi la dziko lenileni silidzawerenga malamulo a kadziko kanu ngati malamulo a dziko. Imitsani zopereka zatsopano kufikira nkhani itatha, msungichuma alembe amene anapereka, zingati, tsiku liti, ndi marisiti ake. Musalowe mu imelo kapena mu akaunti yake ngakhale wina atakhala kuti akuidziwa pasiwedi. Kumeneko ndi kuphwanya malamulo a dziko limene mukukhala, ndipo udindo wanu wa m'kadziko sudzakutetezani kupolisi.

Mukatero, siyanitsani zifukwa. Munthu amasowa chifukwa wadwala, waferedwa, ali ndi mayeso, foni yabedwa. Wina amasowa chifukwa chidwi chinatha koma akuchita manyazi kunena. Ndipo alipo wina amene amaoneka pa intaneti tsiku ndi tsiku koma dala sasainira bilu imene sakuifuna. Atatuwa sangalandire mankhwala amodzi. Malamulo a dziko la Malawi anasiyanitsa bwino zimenezi: gawo 86 likunena za kuchotsa pulezidenti amene walakwa, pamene gawo 87 likunena za amene sangathe kugwira ntchito chifukwa cha thanzi, ndipo pamenepo wachiwiri wake amagwirizira. Tengerani nzeruyo, koma musatengere zofuna umboni wa madokotala. Inu mulibe mphamvu yofunsa munthu kalata ya kuchipatala, ndipo kulemba pagulu za matenda ake, dzina lake lenileni kapena kumene amakhala ndi kumulakwira kwakukulu. Muyese ntchito yosagwirika basi.

Tsopano mlembi amulembere kalata, osati aliyense payekha kumulalatira pagulu. Ipite pa njira zonse zimene iye anapereka, imelo, Discord, nambala ya foni, ndipo isindikizidwenso pamalo olengezera kuti nzika zonse ziione ndi tsiku lake. Mpatseni masiku 14. M'kalatamo muikemo pepala lija la ntchito zoima, ndi njira zitatu zoti asankhepo: abwerere n'kumaliza ntchitozo pofika tsiku lotchulidwa, apereke mphamvu kwa wachiwiri wake kwa masiku 60 kapena 90 iye akadali pulezidenti, kapena atule pansi udindo mwaulemu n'kupereka makiyi. Njira yachiwiriyo musaichepetse. Anthu ambiri osowa amaopa kubwerera chifukwa akuganiza kuti akakumana ndi chipongwe, ndiye mukawatsegulira khomo laulemu amayankha, makiyi n'kubwera popanda nkhondo.

Masiku 14 akatha kuli zii, mufika pa msampha umene uli m'malamulo a timaiko tambiri: kuti musinthe malamulo muikemo njira yochotsera pulezidenti, pafunika siginecha ya pulezidenti yemweyo. Nduna zisayerekeze kukumana usiku n'kulengeza kuti zamuchotsa, chifukwa amene anamuvotera adzati mwalanda boma, ndipo adzakhala akunena zoona. Amene anamuika pampando ndi nzika, ndiye bwererani kwa nzikazo ndi riferendamu. Yambani ndi kalembera wa masiku 14, aliyense ayankhe kuti akadalipo, pakuti kaundula wa kadziko kalikonse amadzaza ndi maina a anthu amene analowa tsiku limodzi n'kuiwala. Mukawerengera koramu, chiwerengero cha ovota chofunika kuti voti ivomerezeke, pa maina onsewo simudzaikwanitsa mpaka kalekale. Kalembera akatha tsekani kaundula, osalandira nzika zatsopano mpaka voti itatha, chifukwa nthawi ngati imeneyi ndi imene munthu mmodzi amatsegula maakaunti asanu. Voti ikhale yotsegula masiku 7 kuti okhala kumaiko a nthawi zosiyana apeze mpata. Owerenga akhale awiri, mmodzi wochokera mbali iliyonse, ndipo onse alonjeze kuti sadzapikisana nawo pa chisankho chotsatira. Funso likhale limodzi lomveka: kodi mpando wa pulezidenti ulengezedwe kuti ulibe munthu? Ife timalangiza kuti lipambane ndi magawo awiri mwa atatu a mavoti oponyedwa, chifukwa kufafaniza chisankho kuyenera kuvuta kuposa kuchipambana. Musaphatikize funsoli ndi dzina la wolowa m'malo. Wachiwiri agwirizire, chisankho chatsopano chichitike pasanathe masiku 30, ndipo wochotsedwayo aloledwe kuimanso ngati akufuna.

Mwina mukuona ngati ndondomekoyi yatalika kwa kadziko ka anthu ochepa. Onani za Talossa. Ufumu umenewu anauyambitsa Robert Ben Madison pa 26 December 1979 ku Milwaukee, ku America, ali ndi zaka 14, ndipo ndi umodzi mwa timaiko takale kwambiri timene tikadalipo. Mu 2004 nzika zina zitasemphana ndi mfumuyo pa kayendetsedwe ka zinthu, zinachoka n'kukayambitsa Republic of Talossa. Mkanganowo sunali wa kusowa kwa mtsogoleri, koma ukusonyeza mtengo umene mumalipira ngati palibe njira yovomerezeka ndi onse yothetsera nkhani ya mpando: mbali ziwirizo zinadzagwirizananso mu 2012, patapita zaka 8. Madison anatula pansi ufumu mu 2005, ndipo mu 2007 anasankha John Woolley kukhala mfumu popanda malire a zaka. Iye anakhala pampando mpaka 2024, ndipo nkhani ya mphamvu za mfumu ndi m'mene angasinthidwire inakambidwa kwa zaka zambiri. Chochititsa chidwi n'chakuti ku mbali ya nyumba ya malamulo a Talossa anaimanga bwino nkhani imeneyi. Mwezi uliwonse aphungu a nyumba yotchedwa Cosa amavotera mabilu pamodzi ndi funso lakuti akulikhulupirirabe boma kapena ayi, ndipo phungu wosavota miyezi iwiri yotsatizana amataya mipando yake. Palibe kukangana ngati ndi waulesi kapena ayi, kaundula wa mavoti ndiye amanena.

Seborga, mudzi wa anthu pafupifupi 300 ku Liguria, ku Italy, umene umadzitcha dziko lokhala ndi kalonga wake, ikusonyeza mbali ina. Giorgio Carbone anakhala kalonga kuyambira 1963 mpaka pamene anamwalira mu 2009, koma olowa m'malo ake amasankhidwa kwa zaka 7. Marcello Menegatto anasankhidwa mu 2010 ndi mu 2017, kenako mu April 2019 analengeza kuti atula pansi udindo. Chisankho chinachitika pa 10 November 2019, Nina Menegatto n'kupambana ndi mavoti 122 kwa 69. Mtsogoleri ananena poyera kuti akuchoka, tsiku linaikidwa, anthu anavota. Kumbukiraninso kuti Seborga ili ndi meya wa boma la Italy amene amaona za misewu ndi madzi, kotero kalonga atasowa moyo wa m'mudzimo sungaime. Inu a pa intaneti mulibe chotsamira chotero, n'chifukwa chake teremu ya zaka 7 singakuyenereni. Miyezi 6 kapena chaka chimodzi ndi yokwanira.

Riferendamuyo itangotha, lembani m'malamulo zimene zikanakupulumutsani. Pulezidenti akakhala masiku 30 osagwira ntchito ya udindo wake ndiponso osatsanzika, wachiwiri azigwirizira popanda kufunsa voti, ndipo akafika masiku 90 mpando uzikhala wopanda munthu. Mufotokoze kuti ntchito ya udindo n'chiyani, apo ayi munthu azidzangoponya kachithunzi koseketsa pa tsiku la 29 n'kunena kuti alipo. Bilu yosasainidwa komanso yosakanidwa kwa masiku 14 izisanduka lamulo yokha. Ku America malamulo amapatsa pulezidenti masiku 10, osawerengera Lamulungu, ndipo akangokhala chete nyumba ya malamulo ikukumana, biluyo imadutsa. Tsiku la chisankho lilembedwe m'malamulo ndipo aziitanitsa ndi mkulu wa zisankho, osati amene ali pampando. Domain, webusayiti ndi thumba la ndalama zikhale m'manja mwa anthu awiri kapena atatu, ndipo umwini wa seva ukhale ndi munthu wosapikisana nawo pa zisankho.

Chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti munthuyo amatulukira pa tsiku la 13 ndi uthenga woti wabwera, anatanganidwa. Mulandireni bwino, koma musaimitse ndondomeko chifukwa cha uthenga. Muuzeni kuti asaine mabilu aja, ayankhe ofunsira unzika, alengeze chisankho pasanathe masiku 7, ndipo apereke makiyi kwa munthu wachiwiri. Akachita zimenezo nkhani yatha, amalize teremu yake ndipo pasakhale womunyoza. Akabwera voti itadutsa kale n'kukana zotsatira, seva ili m'manja mwake, musalimbane naye m'sevamo chifukwa akhoza kukuchotsani nonse kapena kuifufuta m'kanthawi kochepa. Tsegulani seva yatsopano ndi zimene munakopera zija, tumizani linki kwa nzika iliyonse ya m'kaundula, sindikizani kalata ija ya masiku 14 ndi chiwerengero cha mavoti, ndipo mudziwitse timaiko tina timene muli nato pa ubale kuti boma lovomerezeka likupezeka kuti. Ngati domain yatsala ndi iye, lembetsani ina yofanana nayo tsiku lomwelo, m'dzina la munthu amene nzika zamusankha kuti aisunge, ndipo muilipiriretu zaka ziwiri.