Mchimwene wanga akukana mankhwala, kodi maganizo ake ngofunika kuwamva?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene akusamalira mchimwene wake wodwala schizophrenia, matenda aakulu a maganizo. Akuti anagonekedwapo kawiri, pano ali pakhomo koma mapilisi akukana, ndiye amayi awo ayamba kumawasinja nkuthira mu phala mobisa, ndipo mwini imeloyu akufunsa ngati pali phindu lomufunsa maganizo munthu woti mutu wake sukuyenda bwino.

Achemwali, mufunseni ndithu. Ndipo za phalazo chonde siyani. Matendawa nthawi zambiri amampangitsa munthu kukayikira aliyense, ena mpaka amaganiza kuti abale akufuna kuwathira poizoni, ndiye tangoganizani tsiku lomwe adzamve kuwawa mu phalamo kapena kuwapezerera amayi akusinja piritsi ndi supuni, zomwe amaopa zija zidzakhala zoona m'maso mwake basi, atha kusiya ngakhale nsima ya pakhomopo.

Komanso anthu ambiri sakana mankhwala chifukwa cha matenda okha ayi. Mwa mankhwala a matendawa, haloperidol amatha kuumitsa khosi ndi thupi, manja kumanjenjemera, dovu kumachucha, mnyamata woti anali wa mpira kumayenda ngati nkhalamba anzake akumuona. Chlorpromazine amagonetsa kwambiri, ukadzuka mofulumira chizungulire. Risperidone ena amawanenepetsa, ena mphamvu za m'nyumba zimachepa, ndipo imeneyo si nkhani yoti angainene amayi ake ali pompo. Zonsezi akuzimva ndi mwini thupi, inu simungamumvere. Akazinena, dokotala atha kuchepetsa mlingo, kusintha kuti azimwa usiku, kuwonjezera benzhexol wa kuumako, kusintha mtundu, kapena kumuika pa jakisoni wa fluphenazine wa pamwezi ngati iyeyo wakonda zimenezo. Koma asangosiya yekha mwadzidzidzi, matenda amabwerera.

Chimene chimandipweteka mtima ine ndi zomwe ndimaona ku kiliniki: adokotala afunsa kuti mwagona bwanji, gadiyani wayankha kale, wodwala wangowerama kuyang'ana masilipasi ake. Ulendo wotsatira musiyeni ayambe iye kuyankhula, mwinanso mutuluke kaye panja pang'ono, inu zanu munene pambuyo.

Zoona, ilipo nthawi yoti munthu wadwalika, akufuna kudzipweteka kapena kupweteka ena, pamenepo thamangani naye kuchipatala ngakhale akukana, ngati kukufunika atumizidwa ku Zomba Mental kapena St John of God ku Mzuzu ndi Lilongwe. Koma nthawi imeneyo imadutsa, si moyo wake wonse. Pangano la United Nations la 2006 la ufulu wa anthu olumala, lomwe dziko lathu linavomereza mu 2009, limakhudzanso odwala matenda a maganizo, ndipo mfundo yake ndi yoti munthu athandizidwe kusankha, osati kumangomusankhira.

Ndiye tsiku lomwe ali bwinobwino, wasamba wadya, khalani naye pakhonde ndi kope. Anene yekha zizindikiro zoti zikuyambanso, kaya ndi kusowa tulo kaya kumva mawu, mankhwala omwe anamuyanja ndi omwe anamuzunza, munthu amene akufuna kuti adzamuperekeze kuchipatala, komanso zomwe sakufuna kuti zidzachitike, monga kumangidwa zingwe anthu akuonerera. Alembe ndi dzanja lake ngati angathe, pepalalo muliike mu buku lake lakuchipatala lija kuti adokotala akaliwerenge pa tsiku la sikelo yake yotsatira.