A malume, mkulu wandevu uja si m'busa

Eya a malume, ndamva funso lanu lija, loti mkulu wandevu wa pa chithunzi ndinatumiza dzulo ndi ndani, kapena ndi m'busa. Hahaha, ayi ndithu. Ameneyo ndi W. G. Grace, katswiri wa kriketi, ndipo geti lomwe ndinaimapo lija, ku bwalo la Lord's kuno ku London, analitcha dzina lake.

Anabadwa mu 1848 kufupi ndi Bristol, ntchito yake inali ya udokotala. Koma odwala ake ankamuona nthawi yanji kaya, chifukwa kriketi yapamwamba, imene amati first-class, anaiyamba mu 1865 ali ndi zaka 16, n'kudzaisiya mu 1908 atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 60. Nthawi yaitali ankasewerera timu ya Gloucestershire. Mu Ogasiti 1876, m'masiku 8 okha, anagoletsa ma run 344, kenako 177, kenako 318 osatulutsidwa. Paja ma run ndiye zigoli zake, ndipo munthu akafika pa 100 pokha bwalo lonse limaimirira kumuombera m'manja. Ndiye taganizani.

Koma a malume, mkulu ameneyu anali tambwali. Tamverani iyi. Mu 1882 pa bwalo la The Oval, England ikusewera ndi Australia, mnyamata wina wa Australia, Sammy Jones, anathamanga run yake bwinobwino, n'kuganiza kuti mpira waima kaye. Anachoka pa mzere wake kukasalaza dothi ndi bati, thabwa lomenyera mpira. Grace mpira uli m'manja, anangopita phee, n'kugwetsa timitengo ta wiketi, timene womenya mpira amateteza. Woimbira anati Jones watuluka basi, lamulo likutero. Koma anzake a Jones zinawawawa kwabasi, makamaka woponya mpira wawo, Fred Spofforth. England inkangofunika ma run 85 kuti ipambane, koma Spofforth ndi mkwiyo uja anawathyola mmodzimmodzi, onse anathera pa 77. Nyuzipepala ina inalemba monyoza kuti kriketi ya England yamwalira, mtembo autentha, phulusa lipita ku Australia. Mpikisano uja mumaumva wa Ashes dzina lake linachokera pamenepo.

Pa ndalama naponso. Nthawi imeneyo kunali osewera olipidwa, ndiye kunali mabwana oti amasewera mongosangalala, osalandira kanthu. Grace ankawerengedwa m'gulu la mabwana, koma za mayendedwe ndi mphatso zimene ankatolera zinkaposa malipiro a olipidwawo. Amuletse ndani, poti anthu ankadzaza bwalo kudzaona iyeyo?

Mu 1895, ali ndi zaka 46, anagoletsa ma run 1,000 m'mwezi wa Meyi wokha. England anaisewerera komaliza mu 1899 ali ndi zaka 50, thupi litalemera moti kuwerama kutola mpira inali nkhondo.

Apatseni moni azakhali, Lamulungu ndiimba.